Tsiku Limene Ndinasinjira Alendo Mlamba

Akuluakulu amati tsoka silinunkha. Ine akuluakulu ndimawalemekeza, koma pa mawu amenewa ndimakana, chifukwa langa linanunkha mudzi wonse, ndipo amene anali kumunsi kwa mphepo analimva lisanandigwere n'komwe.

Zinachitika Chitaganya chitangoyamba kumene. Ine ndinali nditangobwerako ku Halale, kumene ndinakhala zaka zingapo ndikugwira ntchito ya ukhuki kwa dona wina. Ndinabwera ndi sutikesi, njinga, jekete loyera la ntchito, ndi mutu waukulu kuposa chipewa chimene ndinavala. (Amene anapitako kunja masiku amenewo akuwadziwa matendawa. Ukangotsika basi, chilichonse cha kwanu chimaoneka ngati chakhala chikudikira iweyo kuti udzachikonze.)

Basi inanditsitsa pa Nathenje, ndipo ndisanayambe kupalasa kupita kwathu ku Mitundu ndinapempha madzi akumwa pakhomo lina. Anandipatsa ndi mtsikana dzina lake Esinati. Ndinamwa chikho chonse, ndinapemphanso china ngakhale ludzu linali litatha, ndipo ndinafika kwathu mimba ili ndi madzi okhaokha, mtima utatsala ku Nathenje. Pasanapite miyezi yambiri atsibweni anga a Lufeyo anapita kumeneko kukandifunsirira mbeta.

Anabwerako opanda inde, opanda ayi. Atsibweni ake a Esinati, a Mbewe, mkulu wa mpingo wolemekezeka mpaka ku Nkhoma, anati anthu obwera ku Halale sadziwika bwino. Akwatira lero, mawa lino abwerera, mwana wa eni n'kutsala akuyang'ana kumsewu. Choncho anati abwera okha ku Mitundu, iwo ndi azakhali ake a mtsikanayo, kudzaona pakhomo ndi kudzandiona ineyo, kenaka adzayankha. Ndikunena zoona, Esinati ndinkamufuna ndi mtima wonse, ndipo mantha oti andikana ndi amene anandilowetsa m'zimene ndikufuna kusimbazi.

Amayi anali atakonza kale nzeru yawo, yomwe ndi nzeru ya mayi aliyense: tambala wofiira amene ankayenda monyada pabwalo. Ine ndinaona kuti tambala yekha sakwana. Tambala amaphedwa pakhomo lililonse, ndinatero mumtima, nanga a Mbewe adzadziwa bwanji kuti mwana wawo akutengedwa ndi munthu woona dziko?

Kwa dona kuja, alendo akabwera sankayamba ndi chakudya chenicheni. Ankayamba ndi tinthu ting'onoting'ono todzutsa mudyo, ndipo timene ankatikonda kwambiri tinali ta nsomba. Umatenga nsomba yowamba yofewa, yopanda minga, n'kuiphwanya ndi foloko, n'kusakaniza ndi batala ndi mafuta a mkaka, kadontho ka ndimu, katsabola pang'ono, n'kupaka pa tizidutswa ta buledi. Basi. Chinali chakudya chosavuta kuposa zonse zimene ndinaphunzira, choti ndinkachikonza maso ali ku zina, ndipo azungu ankanyambita zala n'kumandiitana kuti andione nkhope.

"Amayi, tambalayo muphike ndithu," ndinawauza, "koma musatulutse mpaka ine nditanena. Alendo ayamba adya za ine."

"Za iwe ziti?"

"Mudzaona. N'za ku Halale."

"Mwanawe, anthuwa akuchokera ku Nathenje pa njinga, dzuwa lino. Akudzafuna kudya, osati kudzaona."

Ndinawaseka amayi anga. Ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo, ndipo ine njerwa ndinali nditaumba kale.

Dzulo lake la tsikulo ndinapita kumsika pa Mitundu kwa Che Amadu, amene ankabweretsa nsomba zowamba pa njinga kuchokera cha ku Salima. Nsomba yofewa yopanda minga analibe. (Anandiyang'ana nthawi yaitali nditafunsa, n'kunena kuti nsomba yopanda minga sanaionepo, mwina Mulungu anailengera ku Halale kokha.) Anali ndi milamba yakuda bii, yopindidwa mchira kukamwa, youma ngati mpini wa khasu. Ndinatenga iwiri yaikulu. Batala ndinazungulira masitolo onse osamupeza. Buledi ndinapeza pa tiyi rumu, wa dzana, koma ndinati buledi ndi buledi.

M'mamawa wa tsiku lenilenilo ndinavala jekete loyera lija n'kuyamba ntchito. Foloko yanga, imene ndinachokera nayo ku Halale, inapindika pa mlamba woyamba. Mpeni unaterereka n'kunditema chala. Nditayang'ana uku ndi uku ndinaona mtondo wa amayi uli pansi pa mtengo wa mango, munsi uli pambali pake, ndipo ndinaganiza kuti ntchito ya foloko ndi ya munsi n'chimodzimodzi, kusiyana kukula kokha.

Tsono taganizirani. Mwamuna wamkulu, ndevu zili pachibwano, jekete loyera la mabatani mpaka m'khosi, akusinja mu mtondo pabwalo. Amayi a m'mudzi amene ankapita kumadzi anatula mitsuko. Ena anabwerera kukaitana anzawo. Mmodzi anayambitsa nyimbo ya pamtondo kuti andithandize, enawo n'kumavomera ndi kuwomba m'manja, ndipo choipa kwambiri n'choti inandithandizadi, munsi unayamba kugwera pa nthawi yake. Amayi anga analowa m'nyumba n'kutseka chitseko.

Minofu yokha inaoneka yochepa, choncho ndinaponyamo ndi mitu yomwe, ndi zikopa, ndi michira. Zitasanduka ufa wakuda ndinasefa ndi sefa ya amayi kuti minga itsale, ndipo ina inatsaladi. M'malo mwa batala ndi mafuta a mkaka ndinathiramo chambiko, mkaka wosasa wa ng'ombe za atsibweni, poganiza kuti zonsezi mayi wake ndi mmodzi. Dzanja linapitirira, zinakhala phala la madzi. Kuti zilimbe ndinaikamo nsinjiro. Zinalimbitsa, supuni inaima yokha. Ndinaonjezera chambiko. Zinachita madzi. Ndinaonjezera nsinjiro. Ndinayambira m'kambale ka tiyi, kenaka ndinasamukira mu mbale ya ndiwo, ndipo pomaliza ndinali m'beseni limene amayi ankatsukiramo mbale.

Maonekedwe ake ndi amene anandidetsa nkhawa. Kwa dona zinkatuluka zofiirira pang'ono, zokopa maso. Zanga zinafanana ndi dothi lozirira m'nyumba. Ndinafinyiramo mandimu, chambiko n'kuchita zibuma. Ndinasinjiramo tomato kuti zifiire, zinangokhala dothi la kudambo lina. Nditalawa ndinamva utsi wokhawokha, choncho ndinaikamo tsabola wa kambuzi. Ndinalawanso, lilime linayaka kenaka n'kufa. Kuyambira pamenepo sindinkamvanso kalikonse, ndipo pokhulupirira kuti tsabola wachepa ndinapitiriza kuikamo. (Khuki aliyense amadziwa kuti lilime likafa umaitana wina alawe. Ine woitana ndinalibe, chifukwa aliyense anali ataima patali.)

Ndinamaliza dzuwa lisanakwere kwenikweni. Kwa dona zikanalowa mu filiji. Kwathu ndinavundikira beseni ndi lichero n'kuliika pakona m'nyumba, mwezi umene dzuwa limang'amba nthaka, mvula isanagwe. Alendo anachedwa. Ndinkati ndikasuzumira, ndinkaona tithovu tikutuluka pamwamba pang'onopang'ono, ndipo ndinadziuza kuti zikukhwima.

Anafika dzuwa litapendeka kale, a Mbewe akupalasa, azakhali ali pa kaliyala, onse ali fumbi lokhalokha. A Mbewe anali munthu wamtali, wowonda, wa jekete lakuda, wolankhula pang'onopang'ono ngati mawu aliwonse amayamba wawayeza. Azakhali anali aafupi, a maso oona zinthu ziwiri nthawi imodzi. Atsibweni anawalandira, abambo pa mipando, amayi pa mphasa, malonje anachitika bwinobwino. Anakamba za mvula, za nazale za fodya, za Chitaganya pang'ono motsitsa mawu. Fungo la tambala linkachokera kukhitchini, ndipo ndinaona a Mbewe akumeza malovu. Mpaka pamenepo Esinati anali wanga.

Kenaka ndinatuluka.

Buledi uja ndinali nditamudula tizidutswa tofanana ndi bokosi la machesi, n'kupaka zinthu zanga pamwamba, n'kuyala bwino pa lichero lokutidwa ndi nsalu yoyera. Ndinatuluka jekete lili phi, kansalu kali pamkono, lichero lili pa zala. Mwana wa pakhomo akafika pa akulu amanjuta pansi, zimenezi ndinkazidziwa chibadwire. Koma miyendo inakumbukira za ku Halale. Ndinaima njo kumbuyo kwa mpando wa a Mbewe, n'kuwatulutsira lichero cha kumanzere, pafupi ndi khutu.

A Mbewe anadzidzimuka, anatembenuka, anayang'ana lichero, anandiyang'ana ine.

"Kodi bambo, ichi n'chiyani?"

"Nsomba, wawa."

"Nsomba yake iti?"

"Mlamba."

"Mlamba ndimaudziwa. Ndinayamba kuugwira mu Diamphwe inu musanabadwe. Uli ndi ndevu, uli ndi mutu. Mutu wake uli kuti?"

"Ulimo momwemo, wawa."

Anayang'ananso kachidutswa ka buledi kaja, ngati akufuna kuona mmene mutu wa mlamba wakwanira pamenepo. Munthu wamkulu ukamuphikira nsomba, mutu umakhala wake, ndipo amafuna auone ndi maso. Ine ndinali nditausinja.

Azakhali anasendera kutsogolo pa mphasa paja. "Wakonza ndani zimenezi?"

"Ndakonza ndekha, mayi."

"Nokha? Amayi anu ali pomwepa, manja ali nawo?"

"Ndinawaletsa kuti asakhudzeko."

Amayi anga anayamba kuyang'anitsitsa mphasa, ngati aiona koyamba.

"Nanga kupatula nsombayo," anatero azakhali, "mwaikamo chiyani china? Fungoli si la mlamba wokha."

Apa ndi pamene ndinadzikumbira dzenje ndi manja anga. Kwa dona, alendo akafunsa funso limeneli ndinkayankha yankho limodzi, ndipo ankaseka n'kundiwombera m'manja. Ndinamwetulira, ndinaweramitsa mutu pang'ono, n'kunena kuti, "Chimenecho n'chinsinsi changa, mayi. Ndinakachiphunzira ku Halale."

Palibe anaseka. Ngakhale nkhuku za pabwalo zinakhala ngati zasiya kupalasa.

"Chabwino," anatero a Mbewe. "Tayambani inu, tione kadyedwe kake."

"Ayi wawa, ine sindidya. Izi ndakonzera inuyo. Makamaka inu ndi azakhali."

Ndinanena mwaulemu wonse, chifukwa kumene ndinaphunzira ntchito, wopereka chakudya akagwidwa akutafuna pamaso pa alendo amatuluka pageti tsiku lomwelo. Zimene ndinaiwala n'zoti kwathu kuno mwini wake amayamba walawa, ngakhale thobwa, kuti mlendo amwe mtima uli m'malo. Tsono onani mmene zinaonekera kwa iwo. Munthu wobwera ku Halale, wofuna kuti amuvomere ukwati, wasinja yekha zinthu zosadziwika, waletsa amayi ake kukhudza, akuti muli chinsinsi, iye akukana kudya, ndipo waima kumbuyo kwawo kudikira kuti ameze.

Azakhali anatola kachidutswa kamodzi ndi nsonga za zala n'kuponya pansi, pamene panagona galu wathu Tilekeni. Tilekeni anali galu wosasankha. Anadyapo sopo, anadyapo lamba wa atsibweni. Anadzuka mokondwa, ananunkhiza, anayetsemula, anabwerera chambuyo, n'kupita kukagona kuseri kwa khola. (Lero ndikudziwa kuti anathawa kambuzi. Tsiku limenelo ndinalumbira kuti galu ameneyu sindidzamupatsanso fupa.)

"Alamu," anatero azakhali kwa a Mbewe, motsitsa mawu koma mokwanira kuti tonse timve, "ndinakuuzani ine. A kumeneko amabwera ndi mankhwala ofewetsa mitima. Tikangodya, tivomera chilichonse."

A Mbewe anaimirira, anasasa fumbi pa thalauzi, n'kuvala chipewa. "A Lufeyo, tinati tidzaone pakhomo. Taona. Dzuwa likupita."

Ndinaona Esinati akuchoka m'manja mwanga chifukwa cha mlamba, ndipo kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo jekete loyera lija linandithina. Atsibweni anapempha alendo kuti adikire pang'ono, n'kundikokera kuseri kwa nkhokwe.

"Iwe, mwaikamo chiyani mmenemu? Undiuze ine, ndine mtsibweni wako."

"Chambiko cha ng'ombe zanu zomwe, nsinjiro, mandimu, tomato ndi tsabola. Basi."

"Mulungu akuone?"

"Andione."

"Ndiye mankhwala akanakhala bwino," anatero atsibweni. "Tamvera. Ngati mtsikanayo ukumufuna, pita ukanjute pansi ngati mwana wa anthu, udye. Mawu sakuthandizanso apa."

Ndinabwerera, ndinachotsa kansalu pamkono, ndinanjuta pamaso pa a Mbewe, n'kuyamba. Lilime lija linali litatsitsimuka nthawi yolakwika. Kachidutswa koyamba kanandiuza zonse zimene zinkachitika m'beseni kuyambira m'mawa. Kanali kowawasa, kowawa, konunkha utsi, ndipo pakati pake panali timinga tobaya nkhama. Tsabola anabwera pambuyo, mochedwa ngati alendo athu, koma atafika anakhazikika. Misozi inayamba yokha. Ndinatafuna, ndinameza, ndinamwetulira, n'kutenga kachiwiri. Ndinamaliza lichero lonse.

A Mbewe anavula chipewa n'kukhalanso pansi. Ndinapuma. Koma azakhali anali asanathane nane.

"Zapamwambazi munthu akhoza kuziyala mochenjera, akudziwa yekha potola," anatero. "Kumene zachokerako sikunatsale zina?"

Ndikanatha kunama, koma amayi anga, amene anakhala chete tsiku lonse, anadzuka popanda wowatuma, analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi beseni lija. Analiika patsogolo panga, n'kuikapo supuni. (Mpaka anamwalira ankati anachita zimenezi pofuna kundipulumutsa. Ine ndimakhulupirira kuti zinali za mtondo wawo, umene unanunkhitsa ufa nsomba mpaka mvula inagwa.)

Ndinayang'ana kwa a Mbewe, kudalira kuti munthu wa Mulungu andichitira chifundo.

"Ine za mankhwala sindizikhulupirira," anatero a Mbewe. "Ndine mkulu wa mpingo, ndipo ndimadzudzula anthu pa zimenezi. Komabe malizani."

Ndinamaliza. Sindikufuna kukuyendetsani supuni ndi supuni, koma dziwani kuti pofika pakati pa beseni makutu anali atatseka, thukuta linali litanyowetsa jekete mpaka kumsana, ndipo ndinkangoona nkhope ya Esinati pansi pa beseni ikundidikira. Amayi a m'mudzi aja anali atabweranso, ataima kuseri kwa mpanda. Nditapala komaliza n'kutembenuza beseni kuti aliyense aone, wina mwa iwo anaimba nthungululu.

Pamenepo tambala anatuluka. Alendo anasamba m'manja, anadya bwino, anayamikira amayi, ndipo a Mbewe anapempha kuti awaonjezere msuzi. Ine ndinakhala pambali nditagwira mimba, ndikuyang'ana ntchafu ya tambala ikudutsa, osaifuna n'komwe. M'kati mwanga mlamba ndi chambiko zinali zitayamba kukambirana.

Mwina mukuganiza kuti zinathera pomwepo. Iyayi, mlendo amaperekezedwa. Ndipo woyenera kuperekeza alendo a ku Nathenje anali ine mwini nkhani, mpaka kuwatulutsa m'midzi yathu n'kuwaika panjira yolunjika kwawo. Ndinatenga njinga yanga n'kumaikankha, a Mbewe akukankha yawo, azakhali akutsatira pambuyo. A Mbewe anali atamasuka tsopano, ndipo anayamba kundifunsa mafunso amene anabwerera: ngati ndili ndi maganizo obwerera ku Halale, ngati khasu ndikulikumbukira, ngati ndingakhale pa chikamwini osadandaula. Anali mafunso a ukwati wanga, ndipo ndinkayenera kuwayankha mwanzeru. Ndinayankha loyamba bwino. Lachiwiri ndinayankha mwachidule. Pa lachitatu m'mimba munalira mokweza moti a Mbewe anayang'ana kumwamba cha ku phiri la Bunda, kuyesa mvula.

Tinali pakati pa dambo. Anyamata osaka mbewa anali atatentha udzu wonse, kunali lupsa lokhalokha, kwakuda, kosalala, kopanda ngakhale chitsamba chobisa mbuzi. Kutali kunali chulu chimodzi. Ndinayesa kupirira, ndinayenda mofupikitsa mapazi, ndinapemphera mumtima. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, palibe akanandinenera.

"Wawa, mundigwirireko njinga," ndinatero. Yankho sindinalidikire.

Jekete loyera pa lupsa limaoneka kutali. Ndinathamanga ndikudziwa kuti azakhali a mkazi amene ndikufuna kukwatira, munthu woti ndiyenera kumupatukira njira moyo wanga wonse, akundiona mpaka kuchulu, ndipo chulucho nditafika ndinapeza kuti n'chachifupi kuposa mmene chinkaonekera. Nditabwerako ndinapeza a Mbewe agwira njinga ziwiri, akuyang'ana kwina mwaulemu, azakhali atafunda nsalu kumutu, mapewa akugwedezeka.

"Tinali pa nkhani ya chikamwini," anatero a Mbewe, ngati sipanachitike kanthu.

"Inde wawa. Chikamwini ine ndi..." Ndinawapatsanso njinga.

Sindinawerenge maulendo. Ndikudziwa kuti panafika poti sindinkabwereranso kunjira, ndinkangoima pakati, chifukwa kunalibe phindu. Pomaliza miyendo inakana. A Mbewe anabwera okha kudzanditenga, anandikhazika pa kaliyala ya njinga yanga, n'kuyamba kukankha kubwerera ku Mitundu. Azakhali, amene sankadziwa kupalasa, ankakankha njinga ya a Mbewe. Tinalowa m'mudzi chomwecho, anthu ali pa makonde. Chikhalire cha mudzi wathu, ndine ndekha amene ndinapita kukaperekeza alendo, alendo n'kundiperekeza.

Alendo anagona kwa atsibweni n'kunyamuka m'mawa, ine ndili chigonere, amayi akundimwetsa madzi a makungwa owawa amene sindinayerekeze kufunsa kuti muli chiyani. Pamene ndinkadzuka n'kuyamba kuyenda mogwira khoma, ndinali nditavomera mumtima kuti zatha. Manyazi sanandipweteke kwambiri ngati kuganiza kuti Esinati amva nkhaniyi pakamwa pa azakhali ake, aseka, kenaka atengedwa ndi munthu wina wodziwa kukhala phee n'kudya tambala.

Atsibweni anapitabe ku Nathenje kukamva yankho, poti mwambo ndi mwambo. Anabwerako madzulo, anatsamiritsa njinga, anapempha madzi, anamwa pang'onopang'ono dala, ine ndikufa ndi mtima.

"Avomera," anatero.

"Avomera chiyani?"

"Nanga tinakafunsa chiyani? A Mbewe akuti nzeru ulibe, koma munthu womaliza beseni lija chifukwa cha mwana wawo sangathawe chikamwini. Azakhali akuti mankhwala analimo ndithu, palibe angawatsutse, koma poti unadya wekha onse, wofewa mtima ukhala iweyo, ndipo mkamwini wotere ndi amene akhala akumufuna."

Ukwati tinamangitsa mvula itatha, ndipo ndinasamukira ku Nathenje. Nkhani ya mlamba inali itandifikira kale. Ana ankati akandiona ndanyamula chilichonse, ngakhale nkhwangwa, ankafunsa ngati ndalawa. Esinati yekha ndi amene sanaitchule, ndipo zimenezi zinkandisowetsa mtendere kuposa kusekedwa.

Tsiku lina anthu onse atapita kumunda, Esinati anabwerako kumsika ndi kamlamba kamodzi, n'kukaika patsogolo panga pamodzi ndi kabuledi.

"Aliyense kuno akukamba zinthu zimenezi, ine mwini wake sindinazione," anatero. "Tandikonzerani. Ndendende mmene munakonzera tsiku lija, osachotsa kanthu."

Ndinatseka chitseko, ndinakokera mtondo m'nyumba, ndipo ndinagwira ntchito mosamala kuposa kale lonse, ndikudziuza kuti tsopano papezeka munthu wodziwa kuyamikira luso. (Mukuona, beseni lonse lija silinandiphunzitse kanthu. Ndinkakhulupirirabe kuti cholakwa chinali dzuwa.) Ndinapaka pa kachidutswa kamodzi, ndinalawa ine poyamba, kenaka ndinamupatsa.

Analuma pang'ono. Anatafuna nthawi yaitali. Anachotsa kaminga pa lilime n'kukayang'ana. Maso anafiira, misozi inatsika, koma anameza.

"Zinali chonchi?"

"Izi zili bwinopo. Zija zinakhalitsa m'beseni, dzuwa likutentha."

"Ndipo munadya beseni lonse?"

"Lonse."

Anandiyang'ana mmene sanandiyang'anepo chiyambire. Anapukuta maso ndi nsalu, anatenga munsi m'manja mwanga n'kuuika kumbuyo kwake, kumene sindikanaufikira.

"Ndiye kuti munandifunadi, abambo," anatero. "Ndamva. Musadzandionetsenso."